Mabatire a Sikelo m'Bokosi la Tiyi

Chaka chimene ndinayamba ukalaliki ku sitolo ya pa esiteti n'chimenenso anabweretsa masikelo atsopano oyezera tiyi kumunda. Sanali ambedza ngati akale aja. Awa ankayaka manambala ofiira, ndipo ankayendera batire lolemera ngati njerwa, limene ainjiniya athu ankati ndi la lithiamu. Ife tinkangoti njerwa basi.

Mkulu wa sitoloyo anali bambo wachikulire wa Sabata, wa cha ku Thekerani. Asanabwere ku sitolo analongedza tiyi ku fakitale zaka zambirimbiri, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezi. Ukamanga chingwe pa katoni, iwo ankabwera, n'kuchikoka ndi chala chimodzi, n'kupukusa mutu. Tiyi ankamunyadirayo sanamulawepo, poti kutchalitchi kwawo saloleza. Ife tikamamwa pa nthawi yopuma, iwo ankamwa madzi otentha a mandimu, uku akutiuza kuti tiyi tikumwayo ndi zinyalala za pansi.

Lachisanu lina m'mawa ainjiniya anabwera ndi mabatire atatu amene anasiya kusunga moto. Anati apite ku Blantyre, kwa amene anatigulitsa, pa lole yonyamuka masana. Anandipatsa pepala lachizungu la malamulo a kalongedzedwe, n'kunena kuti tiwerenge kaye, basi n'kukwera njinga yawo yamoto.

Mkulu uja pepalalo sanaliyang'ane n'komwe.

"Akalaliki, limenelo liikeni m'fayilo," anatero. "Tiyi wolongedza ine anawoloka nyanja osanyowa. Ndiye zinjerwa izi zindivute pa msewu wa ku Limbe?"

Analowa kuchipinda chakumbuyo n'kutulutsa bokosi lakale la tiyi, lamatabwa opyapyala, limene ankalisunga ngati mwana. M'kati anayalamo pepala lonyezimira lachitsulo lija timaliona m'matumba a tiyi, akulisalaza ndi chikhatho m'makona monse. Kenako anagoneka mabatire aja moyang'anizana, mutu ndi mutu, n'kuwafunditsa ndi pepala lomwelo, uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Kunena zoona, inali ntchito yokongola.

Ine ndinali pa tebulo langa ndikuwerenga. Pepalalo linkati batire lililonse likhale m'jumbo lakelake. Timitu tachitsulo ta pa batire titsekedwe ndi tepi. Chachitsulo chilichonse chisagunde timituto, ndipo mabatirewo asagundane kapena kugwedera m'bokosi, chifukwa akhoza kutentha n'kuyaka. Nditakweza maso, ndinaona akukhoma msomali wachisanu ndi chimodzi.

Ndinali nditangotha miyezi iwiri pa ntchito. Munthu wa msinkhu wa bambo anga ndikanamuuza bwanji kuti zonse wachitazi ndi zimene pepala likuletsa? Ndinatsokomola, koma sanacheuke. Ndiye ndinapita pafupi, n'kupinda maondo pang'ono.

"Bambo, chizungu cha apa chandikanika. Tandithandizani."

Anaika hamala pansi mokondwa, poti kuthandiza munthu ankakukonda. Anavala magalasi, n'kuyamba kuwerenga milomo ikugwedera. Atafika pakati anasiya, anayang'ana bokosi, n'kubwereranso pamwamba pa pepala.

"Mwafunsa bwino," anatero. "Bokosilitu ndimangoyesa ngati likwanire."

"Ndi misomali yomwe, bambo?"

"Ndi misomali yomwe. Pitani mukapeze majumbo."

Ndinathamangira pageti kwa amayi ogulitsa zitumbuwa, n'kupempha majumbo atatu atsopano. Pobwera ndinapeza misomali yonse yazulidwa, yawongoledwa, ili pamzere pa benchi, ndipo pepala lonyezimira lija lapindidwa bwinobwino n'kubisidwa. Kuyambira pamenepo munthu uja anasanduka mwini wake wa malamulowo. Ankawerenga mzere umodzi mokweza, ine n'kuchita, iwo n'kumasula n'kuchitanso okha. Tepi wakuda tinakapempha kwa anthu a magetsi. Tinadula makatoni n'kupanga zipinda zitatu m'bokosimo, n'kuthithikiza mapepala m'mipata monse. Atakhomanso, ananyamula bokosilo n'kuligwedeza pafupi ndi khutu. Munali zii. Kenako anatenga penti wofiira n'kulemba mbali zonse zinayi kuti CHENJERANI, MOTO.

Adalaivala a lole anafika akuimba mluzu. Anali munthu wanthabwala, wodziwika kuti sasiya munthu pa msewu, ngakhale abwana ankaletsa. Atangoona zolembazo, mluzu unathera pomwepo.

"Moto wa chiyani, madala?"

Ine ndinafotokoza kuti ndi mabatire amene atha moto, n'chifukwa chake tikuwabweza.

"Ndiye ngati atha moto, moto winawo uchokera kuti?"

Ndinayang'ana mkulu uja, iwonso anayang'ana ine.

"Pepala latero," anayankha. "Musaligwetse, musaliike padzuwa, ndipo munthu asakhalire."

Adalaivala anakana kuliika kutsogolo. Analimangirira kumbuyo kwenikweni, kutali ndi mpando wawo, n'kuliphimba ndi lona. Anapemphanso ndowa ya mchenga, imene pepala silinatchule n'komwe. Lole inatuluka pageti ikukwawa, moti kapitawo wina anaipitirira pa njinga yakapalasa n'kufunsa ngati kuli maliro. Mkulu uja anaima pakhomo mpaka inabisika m'minda ya tiyi, kenako anasamba m'manja n'kuweruka msanga kuti dzuwa lisawalowere pa ntchito.

Lolemba adalaivala anabwera nkhope itagwa. Katundu anafika bwino, anatero, ndipo wolandira katundu ku Blantyre anangotsegula, n'kuika mabatirewo pa shelefu pamodzi ndi ena, osafunsa kanthu. Vuto linali lina. Pamphambano anapeza apongozi awo aakazi a ku Masambanjati ali ndi mikoko inayi ya nthochi, akuimitsa lole ndi manja onse awiri. Iwo, poganizira moto uli kumbuyo, anangokweza dzanja n'kudutsa. Tsopano akazi awo sakuwayankhula, ndipo chakudya akungowasiyira pa tebulo.

"Mlandu umenewu ndi wanu, madala. Munalemba ndinu."

Mkulu uja sanakane. Lamulungu lotsatira anavala jekete, anatenga pepala lija m'fayilo yanga, n'kupita ndi adalaivala ku Masambanjati. Zimene zinachitika kumeneko anandiuza okha. Akuti anakhala pa mpando n'kuwerenga pepala lonse m'chizungu, kenako n'kumasulira m'Chilomwe, mzere ndi mzere. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti chinthucho n'chachikulu bwanji. Iwo anawaonetsa ndi manja.

"Kameneko?" akuti anatero mayiwo. "Ndiye mwana wanga akadzadwala, mkamwini ameneyu adzam'nyamula, kapena adzayamba wafunsa pepala?"

Komabe anakhululuka. Anawapatsa phava la nthochi kuti asabwerere chimanjamanja, ndipo m'mawa mwake tinadya tonse atatu pakhonde la sitolo, adalaivala akudya zambiri kuposa tonse.