Dzina Lachisanu ndi Chiwiri

Ntchitoyi ndinaimva kutchalitchi. Misa itatha ku Fonte Boa, akatekista athu a Damiyano anandiimitsa pakhomo n'kunena kuti ku Vila Ulongwe kwabwera empreza, kampani ina, ikufuna anthu odziwa kuwerenga Chinyanja ndi kumva malankhulidwe a kumudzi. Ine ndinaseka. Sukulu ndinalekezera setima kalasi, chaka chachisanu ndi chiwiri, Chipwitikizi changa n'chongogulira mchere ndi sopo. Iwo anati, "Si iwe umatiwerengera mawu oyamba Lamulungu? Pita ukayese, mwana wanga. Kachewere wapsa ndi chiwawu chaka chino, mudya chiyani?"

Nthawi imeneyo Tereza wanga anali ndi miyezi isanu ndi itatu, bambo ake akungoyendayenda m'malire kufuna ganyu. Ndiye ndinapita.

Mayeso ake anali odabwitsa. Anatimvetsera mawu a anthu akutukwanizana, ife tifotokoze kuti uku n'kuseka chabe kwa pachisuweni kapena munthuyo akufunadi kuvulaza mnzake. Moyo wanga wonse amayi ankandikoka khutu ndikamamvetsera zotukwana, koma tsiku limenelo ndi zomwezo zinandipezetsa ntchito.

Tinkagwirira m'chipinda chapamwamba pa loja ina, sitolo ya m'tauni, mazenera ake opaka utoto kuti wakunja asaone mkati. Aliyense anali ndi tebulo lake, komputadori, zomvera za m'makutu, ndi kachida kokanikizira kamene ankakatcha ratu. Ukafika m'mawa, telefoni, kaneta yolembera ndi kapepala kalikonse unkaziika m'kabati, n'kutseka. Tinasayina kontratu ya masamba ambiri. Sindinaimve yonse, koma mbali imodzi anatibwerezera katatu: zimene waona muno usauze munthu, ngakhale amuna ako, ukatero nkhani ipita kwa apolisi.

Ntchito yake inali iyi. Anthu akajambula makanema pa telefoni n'kuwaponya kuti dziko lione, eni ake a malo oponyerawo ali kutali, Chinyanja sachimva. Ndiye anapereka ntchito kwa empreza ya ku Maputo, iyonso inapereka kwa yathu. Kanema akabwera pagalasi, pansi pake pali mabatani atatu. Wobiriwira, msiyeni anthu amuone. Wachikasu, atumizidwe kwa ashefi, abwana otiyang'anira. Wofiira, achotsedwe. Pakona pali kawotchi, kanema aliyense mphindi imodzi ndi theka. Ukapitirira, kawotchi kamafiira, dzina lako n'kuyaka patebulo la ashefi.

Ashefi athu anali a Dona Selesiti, mayi wa ku Beira, Chinyanja chawo chamoni basi. Sanali ankhanza. Nawonso ankanjenjemera telefoni ya ku Maputo ikalira, ndinkawaona.

Zimene ndinaona pagalasi lija sindizilemba zonse. Ngozi za pamsewu, akuba akuwotchedwa, ndi zina zochitira ana zimene zinandiumitsa mkaka sabata yathunthu. Ndikafika pakhomo ndinkayamba ndamuvula Tereza n'kumuyang'ana thupi lonse, apongozi akundiyang'ana ngati ndapenga. Pafupi nane pankakhala mana Rozita, ndiko kuti achemwali Rozita, wamkulu kwa ine, wa pakamwa posakhala chete. Ankati, "Iwe Lusiya, usamaone ndi mtima. Ona ndi chala. Mtima uusiye m'kabati pamodzi ndi telefoni, pakhomo ukautenga."

Malamulo ankasintha Lolemba lililonse. Lolemba lina a Dona anawerenga lamulo latsopano, mana Rozita akutimasulira: kanema aliyense wojambulidwa mkati mwa fabrika, ndiye fakitale, kapena m'nyumba zogona antchito a fabrika, wofiira, n'chinsinsi cha makiliyenti.

Mana Rozita anafunsa, "Makiliyenti ake ati, Dona? Kuno fabrika yathu ndi chigayo."

Tonse tinaseka. A Dona sanaseke. Anati, "Amene amakulipirani."

Lachinayi la sabata yomweyo, titangochoka kudya masana, anabwera kanema uja.

Chinali chipinda chopanda zenera, mabedi achitsulo osanjikizana mpaka kudenga. Mayi wina anagwira telefoni pafupi kwambiri ndi nkhope, akunong'ona. Atangotsegula pakamwa ndinatchera khutu, chifukwa sichinali Chinyanja cha pawailesi ayi, chinali chathu chenicheni, cha kumapiri kuno.

"Ine ndine Marita Nangozo wa ku Lifidzi. Amene mukumva, muwauze amayi anga ndili moyo. Anatitenga ponena kuti tikagwira ntchito ku otela, koma tili mu fabrika yopukuta magalasi a matelefoni, kutsidya kwa nyanja yamchere, dzina la tauni sitikulidziwa. Mapasaporti anatilanda. Khomo amatseka kunja."

Anaonetsa manja. Khungu linali litasupuka mpaka m'zikhadabo chifukwa cha mankhwala opukutira aja. Kenako anayamba kuzungulira mabedi, aliyense akutchula dzina lake, mfunda wake ndi mudzi wake, monga timachitira potumiza uthenga wa maliro kuti usasochere. Analipo asanu ndi awiri. Womaliza anali mtsikana wogona pabedi lapansi, akutsokomola kwambiri.

Kawotchi kanafiira.  Ndinakanikiza wachikasu.

A Dona anabwera kudzaima kumbuyo kwanga. Fungo la mafuta awo onunkhira ndikulikumbukira mpaka lero.

"Lusiya, akuti chiyani?"

M'chipinda monse munalibe wina wamva koma ine. Ndikanatha kunama kuti akuimba nyimbo ya kwaya. Koma kontratu ija inandibwerera, m'maganizo ndinaona apolisi, ndinaona Tereza akulira pamsana pa apongozi. Ndinanena zoona, ndi Chipwitikizi changa chothyokathyoka.

"Fabrika? Ndiye wachikasu wa chiyani? Wofiira."

"Dona, mawu sakumveka bwino. Ndimvenso kamodzi."

Anapuma mwamphamvu n'kuyang'ana wotchi yawo. "Fulumira."

Kaneta ndinalibe, pepala ndinalibe. Koma m'khosi mwanga munali kolona. Palibe anaganizapo zotilanda kolona, chifukwa kolona silemba. Ife a ku Fonte Boa tinaphunzira katekisimu opanda buku, masisitere ankatigwiritsa mikanda, mkanda umodzi yankho limodzi, mpaka zikhale m'mutu. Ndinalowetsa dzanja lamanzere pansi pa bulauzi ngati ndikukanda, lamanja lili pa ratu. Kanema anayambanso. Mkanda woyamba, Marita Nangozo, Lifidzi. Wachiwiri, Agata Najere, Domwe. Wachitatu, Filomena Naphiri. Milomo sinkayenda, koma mkati ndinkafuula dzina lililonse. Mkaka unayamba kutuluka wokha n'kunyowetsa bulauzi. Wachinayi. Wachisanu. Wachisanu ndi chimodzi.

Telefoni ya patebulo la ashefi inalira. A Dona anadzidzimuka, n'kundigwira phewa.

"Basi! Kapena ukufuna ndilembe dzina lako ku Maputo?"

Pagalasi Marita anali akuweramira pabedi lapansi lija. Mtsikana anadzutsa mutu, anatsokomola, anatsegula pakamwa. Ndinakanikiza wofiira.

Palibe anandigwira chala. Ndinakanikiza ndekha. Galasi linaphethira, n'kubwera kanema wa mbuzi itakwera njinga yamoto.

Mana Rozita anadikira a Dona achoke, n'kunong'ona osandiyang'ana, "Bulauzi yanyowa, mana. Funda kapulana, chitenje chakocho." Kenako anati, "Ndakuona ukupemphera. Upitirize kupemphera mpaka ukafike kwanu, usalankhule ndi munthu panjira, ungataye zimene wasunga pamikandapo."

Ndinaterodi. Masana onse ndinakanikiza mabatani ndi dzanja limodzi, lina likuyenda pamikanda isanu ndi umodzi, kubwerera, kuyambanso. Mkanda wachisanu ndi chiwiri unali wopanda kanthu. Ulendo woyamba ndinalimva dzinalo, koma mantha analimeza. Chimene chinatsala n'chakuti mtsikanayo anati kwawo n'kuseri kwa Domwe, ndipo amayi ake amagulitsa nyemba pamsika.

Lachisanu ndinapitanso kuntchito, aliyense wokwera masitepe ndikumuyesa wapolisi. Loweruka m'mawa ndinabereka Tereza, n'kupalasa njinga mpaka kwa a Damiyano. Ndinawapeza akupalira nyemba kuseri kwa nyumba. Ndinagwada pamzere pomwepo, ndinavula kolona, n'kuyamba kutchula ndisanawapatse n'komwe moni.

"Dikira, dikira, nditenge kaneta. Mayina a ndani amenewa?"

"Abambo, mukanena kuti ndanena ndine, andimanga."

 Anati, "Ine ndamva kwa kolona."

Analemba onse asanu ndi mmodzi n'kupita nawo kwa abambo mfumu, iwonso analembera anthu a ku Tete amene amatsata nkhani za otengedwa kupita kunja. Akatekista a m'midzi ija anafikitsa uthenga khomo ndi khomo. Ndinamva kuti amayi ake a Marita anali atameta kale, akuyesa mwana wawo anafa.

Nkhani ikayenda m'matchalitchi siibisika. Patatha masabata atatu a Dona anandiitana, n'kunena kuti kontratu yanga siipitirira. Sanatchule chifukwa, inenso sindinafunse. Apolisi sanabwere, ngakhale kwa miyezi yambiri galimoto ikaima pamsewu ndinkanyamula mwana n'kulowa m'chimanga. Potuluka tsiku lomaliza lija, a Dona anandipatsa telefoni yanga ya m'kabati, n'kuyang'ana kolona m'khosi mwanga.

Chaka chotsatira Marita ndi Agata anabwerera. Marita ndinamuona kamodzi pa misa ya Pasaka, manja atawabisa m'kapulana. Sakundidziwa. Ndinafuna kumufunsa dzina la mtsikana wotsokomola uja, ndinamutsatira mpaka pachipata, koma kuti ndimufunse ndinayenera kumuuza kuti kanema amene anajambula poika moyo wake pachiswe ndinamuchotsa ndine. Ndinabwerera pachipata pomwepo. A Damiyano atamufunsa m'malo mwanga, Marita anati mtsikanayo anafika kutatsala masiku awiri kuti ajambule, ankangomutcha Nyamayi, dzina lenileni limene anatchula pakanema sanalisunge, ndipo m'mawa mwake anamutulutsa m'chipindamo, sanamuonenso.

Pano ndimagulitsa kachewere pamsika wa ku Domwe. Telefoni ndili nayo, galasi lake ndimalipukuta ndi nsonga ya kapulana, ndipo nthawi zonse ndimaganiza za manja amene analipukuta poyamba. Chimene ndinatenga pantchito ija n'chimodzi: munthu akatsegula pakamwa kuti anene dzina lake, ndimadikira amalize, kaya kumbuyo kwanga kwaima ndani. Tsiku lija kunatsala kupuma kumodzi kokha kuti mtsikana uja atchule lake.

Pamzere wa nyemba pamakhala amayi ambiri. Ndayamba kuwafunsa mmodzimmodzi, pogula, ngati ali ndi mwana wamkazi anapita kukagwira ku otela. Ndafunsa khumi ndi anayi. Chala changa chikadali pamkanda wachisanu ndi chiwiri.