Sabata imene tinakwecha kromu wa abambo

Mwana wanga wamkazi anandiuza kuti sadzakwera galimoto ya agogo ake pa tsiku la ukwati wake. Anandiuza ndili pampopi, kuseri kwa nyumba yathu ku Mabutweni. Ananena m'Chindebele, chifukwa akafuna kundiuza zowawa amathawira komweko. Ine ndinamuyankha m'Chichewa, mokuwa, mpaka oyandikana nafe anatsitsa wailesi.

"Wati chiyani iwe? Tabwereza!"

"Mama, bampa yense ndi dzimbiri. Anthu akandiseka. Akuchimuna akuti abweretsa yawo yoyera."

Zinandipweteka, ndipo chinandipweteka kwambiri n'chakuti mwanayo sankanama. Galimotoyo, yobiriwira, abambo anaigula ine ndili kamtsikana, iwo akugwirabe ntchito kunjanji. Injini yake ilibe vuto mpaka lero. Koma kromu, zitsulo zonyezimira zija za bampa, mizere ya m'mbali ndi zogwirira zitseko, anali atatuluka timadontho tofiira ngati chikuku. Abambo sankaziona. Ng'ala inali itawaphimba maso, koma Loweruka lililonse ankatulukabe ndi kansanza kawo n'kumapukuta, akuimba pansipansi. Ndipo chiyambireni nkhani ya ukwati, aliyense wolowa pageti ankamuuza kuti mdzukulu wawo apita kutchalitchi pagalimoto yawo. Kunali kutatsala masiku asanu ndi atatu.

Ine ndine munthu wa phuma, sindibisa. M'mawa mwake ndinapita m'tauni, ndinagula zitini ziwiri za penti wasiliva wopopera, ndipo abambo akugona masana ndinapopera bampa yense wakutsogolo. Anawala! Ndinaima chapatali, manja m'chiuno, n'kumadziyamikira. Kutacha ndinakanda ndi chikhadabo kuti ndione ngati wauma. Mayo ine, penti anangosendeka ngati khungu la mbatata yophika, dzimbiri lili pompo likundiyang'ana.

Ku Iminyela, dera loyandikana ndi kwathu, kuli mkulu wina wachisilamu, wopenta magalimoto, amene makolo ake ndi athu anabwera kudziko la eni kuno pa sitima imodzi kuchokera kumudzi. Ndinamupeza akumwa tiyi pakhomo pa galaja yake. Nditamufotokozera anaseka mpaka kutsamwa.

"Achemwali, mwapenta kalilole? Penti sagwira pachinthu chosalala. Muyambe mwapha kuwala konseko ndi sandipepala, mpaka kromu achite mbuu. Kenako mupukute ndi thinala, mankhwala osungunulira penti aja, mupopere pulaima wogwiritsa penti pachitsulo, ndiye penti. Pang'onopang'ono, katatu, osati kuthira ngati mukuzimitsa moto. Ndipo kuno kwazizira, m'patseni masiku aume."

Ndinabwerera kunyumba. Kukwecha kromu wa abambo! Tili ana, ukangotsamira bampa ameneyo unkalandira khofi la kukhutu.

Ndinayesa kuchita mobisa, koma sandipepala ndi wamiseche. Nditangoyamba, khwee khwee, ndinamva ndodo ikugogoda pakhonde.

"Ndani akukanda galimoto yanga?"

"Ndine, Baba."

Anabwera akupapasa, anayendetsa chikhatho pamene ndinakwechapo, ndipo nkhope yawo inagwa. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ndinagwada pafumbi pomwepo n'kuwauza zonse: za dzimbiri limene sankaliona, za penti wosendeka, ndi mawu a mdzukulu wawo, osachotsapo ngakhale limodzi. Ndinalira, ineyo amene anthu amati ndilibe misozi.

Anayendetsanso dzanja pabampa. Kenako anati, "Ndiye zaka zonsezi ndimapukuta dzimbiri?"

"Inde, Baba."

"Ndipo mwanayo akuchita nayo manyazi."

"Inde."

"Ndipatse pepalalo. Iwe ukukwecha ngati ukusuka poto."

Ndinawaikira mpando, ndipo kwa masiku awiri nkhalamba ija inapha yokha kuwala kumene inakusamala moyo wake wonse. Zala zawo zinkaona kuposa maso anga. Ndikati pano patha, iwo ankapapasa n'kunena kuti, "Bodza, pakona apa pakutererabe." Tinakangana, tinaseka, anandinena kuti ndine waulesi kuyambira ndili mwana. Ine ndinamata nyuzipepala ndi tepi kuzungulira zitsulo zonse kuti penti asadontheze pobiriwira. Popopera, iwo ankamvetsera kulira kwa chitini n'kumandiuza kuti, "Wayandikitsa, bwerera m'mbuyo." Mwana wanga ankadutsa popita kukayesa diresi, n'kuyang'ana kumbali. Sindinamuyankhule za galimoto, ndipo nayenso sanaitchule.

Pofika Lachinayi mabampa onse awiri ndi mizere ya m'mbali zinali zitatha. Sanali kromu, sindinganame, munthu sukanadzionerapo nkhope. Koma zinali zoyera, zosalala, zaulemu, ndipo amuna odutsa mumsewu ankaima n'kufunsa kuti wapenta ndani. Ndinkayankha ndisanafunsidwe n'komwe. Zogwirira zitseko zokha ndi zimene ndinaziiwala m'chipwirikiti cha kuphika ndi kulandira alendo. Ndinazipopera Lachisanu madzulo, mothamanga, mochindikala, mphepo ya mu Juni ikuluma.

Loweruka m'mawa pageti panaima magalimoto awiri. Ya akuchimuna, yoyera, yaitali, ya maliboni. Ndi yathu, mlongo wanga ali pachiwongolero, abambo atakhala kale kutsogolo ndi suti yawo yakuda, chipewa chili pamaondo. Ndinawapempha kuti adikire m'nyumba, anakana. Amayi a mpingo ankaimba.

Mkwatibwi anatuluka. Anayang'ana yoyera ija, anayang'ana yathu, anayang'ana agogo ake amene anatembenuzira khutu kumene kunkachokera nthungululu. Ndiye ananyamula diresi lake n'kulunjika ku yobiriwira. Ndisanathamange kukamutsegulira, anagwira yekha chogwirira chitseko n'kukoka.

Atachotsa dzanja, golovesi yake yoyera inali ndi mzere wasiliva kuchokera pachala chachikulu mpaka pachikhatho. Penti anali asanaume. Nyimbo inadukira pakati. Ine ndinafuna nthaka ingondimeza, ndipo ndinayamba kale kuvula mpango kuti ndimupukute.

"Chachitika n'chiyani? Bwanji mwasiya kuimba?" anafunsa abambo.

Mwana wanga anandikankha dzanja pang'ono. Analowa, anakhala, anaweramira kutsogolo n'kuika dzanja lopentekalo paphewa la agogo ake. Ndipo anayankha m'Chichewa chake chopunduka chija, chimene amachita nacho manyazi pagulu, dzina la agogo lokha nalitchula m'Chindebele.

"Palibe, Khulu. Ine ndakwera. Tiyeni, tachedwa."

Abambo anavala chipewa chawo, anakhala mowongoka, n'kuuza mlongo wanga kuti aimbe hutala msewu wonse mpaka kutchalitchi ku Mpopoma.