Invata ya kufamu m'kalavani ya bwana

Lachisanu lapitali Che Jafali anandiimbira foni ndisanavale n'komwe nsapato. Ndi dalaivala wa banja lina lachiluya kuno ku Fereej Bin Omran, kwawo ndi ku Machinga, ndipo amadziwa kuti ine ndimadyera zamagetsi.

Nkhani yake inali iyi. Korona watseka maulendo a ndege, ndiye bwana wawo anagula kalavani, kanyumba kokoka ndi galimoto kaja, kuti banja likapitidwe mphepo kuchipululu. M'chipinda chosungira katundu munali invata yakale ya sola yochokera kufamu, chipangizo chosandutsa mphamvu ya mapanelo kukhala magetsi a m'nyumba. Bwana anafunsa Che Jafali ngati angathe kuilumikiza. Inu mukuganiza kuti anayankha chiyani?

"Mafi mushkila, bwana." Palibe vuto, ati. Munthu woti zamagetsi amalekezera posintha babu.

Ndinawapeza pabwalo, masiki ili pachibwano, akudzimva. Mapanelo ali padenga, filiji ikulira, fani ikuzungulira. Kundiitana konseko amangofuna ndiwayamikire. Ine ndinawerama n'kuzula chingwe chochokera m'nyumba kupita kukalavani. Zonse zii, dzuwa likuswa mtengo.

Invata ya mtundu umenewo siyamba yokha. Imatsatira magetsi a kampani, ndipo akazima nayonso imazima. Anaipanga dala choncho kuti isaphe munthu wokonza mawaya papolo. Nanga kuchipululu kuli polo? Kumeneko kumafunika ina, yoyendera limodzi ndi batire.

Che Jafali anakhala pasitepe ya kalavani. Apa m'pamene anandiuza kuti m'filijimo muzikhala mankhwala a shuga a mayi ake a bwana, obaya aja, osafuna kutentha. Ulendo unali wa mawa lake. Kunena zoona, ndinachita mantha.

"Achimwene, tangoifiksani mwakachetechete, bwana asadziwe."

Ndinakana. Panalibe chokonza, chinthucho chinali bwinobwino, kungoti sikwawo. Chofunika chinali kulowa m'nyumbamo n'kukanena kuti anavomera zimene sadziwa.

Amalawife mawu oti "sindidziwa" amatilemera kuposa thumba la simenti. Kwathu timati ndi ulemu, wamkulu sumukanira. Kuno tinaonjezapo mantha, chifukwa kale sukanasintha ntchito popanda kalata ya bwana, ndiye unkavomera chilichonse, ngakhale kukonza ndege. Lamulo lija linasintha, koma pakamwa pathu uthengawo sunafike. Nanenso sindine woyera. Chaka changa choyamba ndinavomera kukonza makina ochapira, madzi n'kudzaza khitchini yonse. Paja safunsa anadya phula.

Che Jafali anakweza masiki, n'kulowa ngati akupita kukhoti. Sanachedwe. Anatuluka akuseka okha. Bwana akuti anangoti "khalas", basi zatha, n'kuwatuma kuti tikagule invata yoyenera ndi mabatire. Sanakalipe. Anangodabwa kuti bwanji sananene poyamba pomwe.

Tinalumikiza masana omwewo. Nditamaliza ndinabwezeretsa chingwe chija n'kuwauza kuti achizule okha. Anazula, ndipo filiji inapitiriza kulira. Tinamwa karak, tiyi wamkaka wakuno, mumthunzi wa kalavani, mitima ili m'malo.

Lamlungu ananditumizira chithunzi. Mayi aja akhala pampando panja pa kalavani, kumbuyo kwawo mchenga wokhawokha, akumwa khofi. Ndakhala ndikuchiyang'ana sabata yonseyi ndipo chikundisangalatsa.

Koma ndimaganizabe za chingwe chija. Ndikanapanda kuwerama, Che Jafali akanatchedwa aulemu mpaka kukafika kuchipululu. Nanga inu, "palibe vuto" amene munanena sabata ino, akasiya mankhwala a ndani padzuwa?