Giya ya Padzanja ya Obed

Obed Namalomba anabadwira ku Chilomoni, m'nyumba ya pamtunda yomwe msewu wake umakumbika chaka chilichonse mvula ikagwa. Sukulu analekezera Fomu 2. Anagulitsapo makala, anakhalapo kondakitala wa minibasi, mpaka anagula njinga yamoto yakale n'kuyamba kabaza.

Njingayo ankaisamala moti anzake pasiteji ankamuseka. Loweruka lililonse m'mawa ankatsuka tcheni ndi palafini, kupukuta pulagi, kuyang'ana oyilo, kenako n'kutchera khutu kumvetsera injini. "Njinga imayamba yadandaula isanafe," iye ankatero. "Vuto lanu ndi lakuti simumva."

Ngozi inamupeza masanasana, ataima m'mbali mwa msewu kudikira kasitomala. Lole yonyamula mchenga inaduka mabuleki pamtsetse n'kumuwomba. Njinga inagwera m'ngalande n'kungopindika kutsogolo, koma mwendo wamanzere wa Obed madokotala anaudula m'munsi mwa bondo.

Atatuluka m'chipatala, mlamu wake Duncan anafika pakhomo ndi munthu wofuna kugula njingayo.

"Alamu, tisanamizane," anatero Duncan. "Giya amaponda ndi phazi lamanzere. Inuyo phazilo lili kuti? Gulitsani, mutsegule kaokala, muzikhala pansi."

"Alamu, madokotala anadula mwendo," anayankha Obed. "Munamva kuti anadulanso mutu? Mlendo wanuyo amwe tiyi, azipita."

Alendo atachoka, mkazi wake Magdalena, yemwe ankadyetsa banja ndi geni ya mandasi, anaima pachitseko misozi ili m'maso.

"Abambo a Lonjezo, ndakusambitsani miyezi itatu ngati khanda. Mukufuna ndidzakusambitseni komaliza?"

Mawuwo anamulasa Obed, ndipo masiku awiri sanayang'ane kumene kunali njinga. Tsiku lachitatu anadzikoka mpaka pakhonde, n'kupempha kuti amupatse thumba la masipanala.

Njingayo anaimasula yekha atakhala pamphasa. Zopindika anawongola, zosatheka anasintha. Pamene ankalandira mwendo wopanga, njinga inali ikulira kale. Koma mwendowo unali wongoimirira ndi kuyendera. Phazi lake silinkapinda, ndiye giya sakanaponda. Obed anatenga katoni ndi pensulo n'kujambula chitsulo chachitali chochokera pagiya kufika pambali pa thanki, chogwirira cha kilatchi chili pamwamba pake, kuti dzanja limodzi lizifinya kilatchi n'kukankha giya nthawi yomweyo.

Katoniyo anapita nayo ku Chemusa kwa Che Jabir, mkulu wowotcherera mageti ndi mawindo. Che Jabir anaitembenuza kawiri, n'kuvula magalasi.

"Achimwene, zaka makumi atatu ndikuwotcherera, zotere sindinapangepo. Mukakagwa anthu adzati Jabir wapha munthu."

"Ndikagwa, ndigwa ine, Che Jabir. Inu wotcherani."

Chitsulo choyamba chinatalika kwambiri, giya inkadumpha. Chachiwiri chinathyoka polumikizira. Che Jabir, yemwe poyamba ankakana, ndiye anayamba kulimbikira, mpaka anasiya geti la munthu lili theka kuti amalize chachitatu. Chimenecho chinagwira.

Kuphunzira kunali kowawa kuposa kupanga. Obed ankapita pabwalo la mpira m'mawa ana ali m'kalasi. Akafuna kuima, thupi linkapendekera kumanzere monga linazolowera, mwendo wopanga n'kuterereka, iye ndi njinga khu! pansi. Posintha giya, chiwongolero chinkatsala m'dzanja limodzi, njinga n'kumayenda ngati yaledzera. Ankabwerera kunyumba zigongono zili magazi, pachilonda pakutentha ngati moto. Magdalena anatopa nazo, n'kubisa kiyi m'ndowa ya ufa. Obed anangolumikiza mawaya, njinga n'kulira. Patatha mwezi anali atadziwa kuimira kumanja, ndiponso kugwira buleki yakutsogolo pamtunda kuti njinga isabwerere m'mbuyo.

Tsiku lobwerera pasiteji anavala jekete yake yonyezimira ndi chisoti. Anzake anamuzungulira, ena kugwiragwira chitsulo chija, ena kujambula pafoni. Koma tcheyamani wa siteji, Ramsey, anapukusa mutu.

"Akulu, sikuti ndi nkhanza. Mukagwetsa munthu, dzina loipa ndi la siteji yonse. Pano ayi."

"Pasiteji ino ndinayamba ine iwe ukuyendetsa njinga yakapalasa," anatero Obed. "Amene anakuphunzitsa kumanga tcheni ndi ndani?"

"Ndinu, sindikukana. Koma pano ayi."

Obed sanapemphe kachiwiri. Anawoloka msewu, n'kukaimika njinga pansi pa mtengo wa jakaranda moyang'anizana ndi siteji. Anthu ankabwera, kuyang'ana mwendo, kuyang'ana chitsulo, n'kuwolokera kwa Ramsey. Mayi wina anachita kunena mokweza kuti sanatope ndi moyo. Masiku atatu anatha osanyamula ngakhale thumba la tomato. Madzulo ankalowa m'nyumba chimanjamanja, koma kukacha ankapukuta njinga n'kubwerera pamtengo pomwepo.

Lachinayi chakum'mawa, Magdalena anatsika mtunda atasenza beseni la mandasi. Anyamata a pasiteji anayamba kumuitana, "Mayi, tiyeni! Mayi, kuno!" Iye anawadutsa onse, n'kuwoloka msewu.

"Kabaza!" anakuwa kuti aliyense amve. "Kumsika ndi zingati?"

Obed anamuyang'ana. "Amayi a Lonjezo, simukuopa?"

"Ndikuopa. Lizani njinga, mandasi akuzizira."

Anakwera, beseni pamiyendo, dzanja lina atakwinya nalo jekete ya mwamuna wake. Obed anafinya kilatchi, n'kukankha chitsulo, njinga n'kunyamuka mosagwedeza. Anyamata a pasiteji anangowaperekeza ndi maso.

Amayi a mumsika ataona mnzawo akutsika wamoyo tsiku ndi tsiku, anayamba kumuitana Obed mmodzimmodzi. Anapeza kuti sathamanga, sapikisana ndi maminibasi, ndipo mazira amafika osasweka. Lero ali ndi makasitomala ake amene sakwera wina. Ena mpaka pano amakana, ndipo iye sawanyengerera. Ramsey sanamuitanenso pasiteji, koma anyamata ake amakankhira njinga zawo pansi pa jakaranda zikayamba kutsokomola, Obed n'kuwakalipira kaye za oyilo wakuda asanagwire sipanala.

Mwezi wathawu panafika bambo wina woyendera ndodo, dzina lake Henry, wochokera ku Machinjiri. Anati anaona chitsulo chija pafoni ya mnzake. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana njinga, kenako ananena motsitsa mawu kuti yake ili m'chipinda chaka chachiwiri tsopano, ndipo abale akuti agulitse.

"Mwendo uti?" anafunsa Obed.

"Wamanzere."

"Bwerani nayo Lolemba, tikaonane ndi Che Jabir. Koma ndikuuzirenitu, achimwene, mudzagwa. Ine ndinagwa kasanu ndi kawiri. Mudzavale buluku lakale."