Mita ya a Daka ku Kacholola

Ku Kacholola, galimoto ikayamba kutsokomola pa mitunda ya msewu wa ku Lusaka, anthu ankangoloza pansi pa mtengo wa mango: "Pitani kwa a Daka." A Febian Daka anakulira pa magalimoto akale aja okonza ndi khutu ndi sipanala. Atabwera magalimoto okhala ndi kompyuta, anzawo ambiri anagwa mphwayi n'kubwerera kukalima thonje. Iwo ayi. Anagula mita yoyezera magetsi, n'kuphunzira za kachipangizo komangirira pa paipi ya ekizozi, kotchedwa sensa, kamene kamanunkhiza utsi n'kuuza kompyuta ngati petulo wachuluka kapena wachepa.

Zimenezi ankafotokozera ngakhale munthu amene sanafunse. Injini ikatentha bwino, sensa yamoyo sikhazikika: manambala pa mita amatsika cha ku 0.1, kukwera cha ku 0.9, kutsikanso. Akakakamira pansi, ndiye kuti mpweya wachuluka, mwina paipi yang'ambika penapake. Akakakamira pamwamba, injini ikukhuta petulo. Koma akangoti chilili pakati, pa 0.45, sensayo yafa, kaitayeni.

Chimene sankafotokoza n'chakuti matenda a shuga anali atawadya maso. Manja ankadziwabe bawuti iliyonse, koma manambala pa mita anasanduka nkhungu. Mkulu wouma mutu uja, kuvomera zimenezi pamaso pa madalaivala, bola kufa. Ankadziwa ndi akazi awo okha, amayi Dainess, amene ankagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu. Galimoto ikafika, mayiwo ankasiya nthochi zawo, kubwera ngati akudzapereka madzi akumwa, n'kuima kumbuyo kwa amuna awo. Sukulu sanapite nayo patali, koma mita ankaidikira ngati mkaka uli pamoto. "Ivina, a Daka," ankanong'ona choncho, kapena, "Yagona pansi, siuka." Madalaivala ankaseka kuti nkhalamba izi zikondana mochititsa nsanje, osadziwa kuti akuonerera anthu ali pa ntchito.

Amayi Dainess anamwalira nthawi yokolola, atangodwala pang'ono. Maliro atatha, a Daka anabwerera pansi pa mango, poti kukhala m'nyumba yopanda mawu kunkawapweteka koposa. Woyamba kufika anali Godwin, dalaivala wa ku Luembe, ndi kalole kake ka petulo konyamula mtedza. Kankamwa mafuta kwambiri koma pamtunda kankachita wefuwefu.

A Daka analumikiza mawaya mopapasa, n'kudikira kuti injini itenthe. Kenaka anapendeketsa mita cha kuphewa monga mwa chizolowezi. Kumbuyo kunalibe munthu.

"Niwelengeleniko apa, a Godwin, utsi waningena m'maso."

Godwin anasuzumira kamodzi, foni ili kukhutu. "Zilo pointi fo faivi."

"Yaimilila pamene apo?"

"Ee, bambo, ni yamene iyo."

"Ninshi yafa. Kaguleni ina."

Ku Kacholola sensa sungaipeze. Godwin anasiya mtedza wake padzuwa, anakwera basi mpaka ku Petauke, n'kubwerako mawa lake. A Daka anamanga sensa yatsopano ija, kalole kanapita kukayesa mtunda, n'kubwerera ndi wefuwefu wake yemwe uja. Analumikizanso mita. Ulendo uno Godwin, mtima uli m'mwamba, anaika foni m'thumba n'kuyang'anitsitsa.

"Yakwela, yaseluka, yakwela futi. Monga mwamene yenze kuchitila mailo."

Atamva akutchula za dzulo, a Daka anatembenuka. "Mailo yenze kuvina?"

"Ee. Ine nenze kuganiza kuti mufuna namba imodzi chabe." Godwin anakweza mawu. "Manje imwe simunaone? Mita yenze m'manja mwanu! Naenda ku Petauke mahala?"

Apa m'pamene Godwin anaona kuti mkuluyo wagwira mita chozondoka, ndipo akuiyang'ana molimba mtima ngati munthu amene akuwerengadi.

Sensa yakale ija inali yamoyo. Vuto linali kwina, ndipo a Daka ankadziwa bwino poyambira kulisaka, koma kulikonse kumene akanayeza kunkafunika munthu woima paphewa pawo, wodekha, wosaulula. Anazula mawaya pang'onopang'ono, n'kuwakulunga pa mita.

"Munikhululukile, a Godwin. Maso yanga tinaika m'manda mwezi watha. Pitani ku Nyimba kwa makanika munzanga a Morgan, muwauze kuti sensa ili bwino, ayambile pa mapulagi."

Godwin anavula chipewa, n'kuimirira kanthawi asanakwere kalole kake.

Mpaka lero a Daka amafika pansi pa mango m'mawa uliwonse, atavala ovolosi yochapa bwino. Galimoto ikaima n'kufunsa makanika, amamvetsera injini mpaka izime, kenaka amakweza dzanja n'kuloza njira ya ku Nyimba.