Chigayo Chimene Chinkakana Kulowa pa Fomu

Lolemba lapitali mwana wanga Felesiya anatulukira pakhomo panga atanyamula envulopu ya khaki, ndipo pamwamba pake panali kambale ka mazira. Ine ndikaona mazira ndimadziwa kuti kumbuyo kukubwera pempho. Mwanayu ndinabala ndekha, ndipo sanandipatsepo dzira laulere.

"Amayi, bambo a Chisomo akuti muwalembereko fomu iyi. Ndi ya msonkho wa chigayo chija."

Bambo a Chisomo ndi mwamuna wake, mkamwini wanga. Ali ndi chigayo cha dizilo kuno kwa Malemia, pamalo amene ndinawalozera ine. Fomuyo ndi ya Chingerezi chokhachokha, ndipo iwo sukulu anailekezera pomwe Chingerezi chimayamba kuluma. Ine ndinaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma, choncho chilichonse chokhala ndi mizere ndi timabokosi m'mudzi muno chimathera pakhonde panga.

Ndinavala magalasi n'kuyambira kunsi. Pepala la boma ndimaliwerenga kuyambira kumapeto, chifukwa mbedza imakhala kunsonga kwa chingwe.

Ndipo mbedza ndinaipezadi, ziwiri. Yoyamba, mkamwini wanga anali atasainiratu pepala lopanda kanthu. Yachiwiri inali kabokosi kakang'ono pansi penipeni. Kamati amene walembera mnzake fomuyi alembe dzina lake, kumene amakhala, ndipo asaine kuti zonse walembazo ndi zoona monga akudziwira.

"Asainiratu?" ndinafunsa.

"Eya, akuti asakuvutitseni."

"Asaina chiyani poti palibe chalembedwa? Nditalemba pano kuti ali ndi mabasi khumi, akakana bwanji?"

Felesiya anaseka mpaka kugwira chipilala cha khonde. Ine sindinaseke.

"Zigayo ndi zingati?"

"Amayi inu, mukufunsa ngati mlendo? Chimodzi, chomwe chimakusokosani tsiku ndi tsikuchi."

Ndinamuuza asiye fomuyo, atenge kambale kake, mazira asiye.

Awerengi anga, mumaudziwa mwambi uja woti kandimverere anakanena za m'maluwa. Sindingaike dzina langa pa nkhani imene ndamvera pakamwa pa munthu wachitatu. Ndinayenera kumva kwa mwini wake. Koma apa ndiye panali phiri. Munthuyo ndi mpongozi wanga! Chikwatirire mwana wanga sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira iwo amakhotera m'munda wa chinangwa, ine n'kumayang'ana phiri la Malosa ngati ndaliona koyamba. Chaka china pondithawa analowa m'chitedze, ndipo anakanda sabata yathunthu chifukwa cha ulemu.

Amene anakonza fomu ija sanaganizeko za apongozi. Palibe bokosi loti "ndinalephera kufunsa chifukwa cha mwambo."

Komanso panali kanthu kena kamene kamandidya. Ine anthu amanditcha wokayikira, ndipo sindikana. Maso ndinawapatsidwa aulere, ndiwagwiritse ntchito. Lachiwiri lililonse chigayo cha pano chimatsekedwa, akuti kupumitsa injini. Mkamwini wanga amakwera njinga m'mawa kulowera kumsewu wa ku Zomba, nkhope ili bii monga anabadwira. Dzuwa likapendeka amabwera nsidze zili mbuu, ufa mpaka m'makutu. Injini yopuma imatulutsa ufa? Ndiye mwezi watha mayi wina wa ku mvano, amene anakwatiwa ku Naisi, anandigwira dzanja n'kuti, "Mkamwini wanu Mulungu amudalitse, watichepetsera ulendo." Ine ndinangoti "Ameni," n'kusunga mawuwo pamalo ouma.

Lachitatu masana ndinatuma Felesiya kudimba kuti akandithyolere mpiru. Kenaka ndinaika mpando wanga mbali ino ya mpanda wa udzu umene umagawa bwalo langa ndi lawo, n'kukhosomola katatu. Mbali inayo ndinamva munthu akukhala pachitsa. Mwambo unasungidwa: palibe anaona mnzake.

"Muliko uko, apongozi?"

"Tilipo, amayi. Kaya inu mwaswera bwanji?"

"Taswera. Fomu yanu ikufunsa malo onse amene mumagayitsirapo. Ndilembe angati?"

"Aaa, monga mukudziwira, amayi."

"Ine sindidziwa kanthu. Ndine nkhalamba. Ndimangoona nsidze za anthu Lachiwiri."

Nkhuku inadutsa pansi pa mpanda kuchoka kwa iwo kubwera kwa ine, kenaka inabwereranso, ngati nayonso yatumidwa.

"Amayi," mawu anatuluka atachepa, "musanditenge ngati wakuba. Ine boma sindikulithawa. Koma taganizani, pano ndine mkamwini. Nyumba ndamangayi ili pa dothi lanu. Mango ndadzalawa ndi a ana anu. Zitati zavuta tsiku lina, ndidzatuluka ndi bulangete ndi njinga. Ndiye ndinaika kachigayo kena kwa mlongo wanga ku Naisi, kuti kwathu nako kukhale kanthu. Fomuyi ndikanakalembetsa kwa anyamata olembera anthu pansi pa mtengo aja ku boma, koma mayi a Chisomo anati tisataye ndalama pomwe amayi alipo. Ndikanakana bwanji osafunsidwa chifukwa?"

Ndikuuzeni zoona, pamenepo mtima wanga unamusekerera munthuyu. Zaka zonsezi ndimaganiza kuti mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wogona. Kani ndi mnzanga, wosakhulupirira aliyense!

Koma kusekerera si kusaina.

"Apongozi," ndinatero, "kubisira ine katundu wanu ndi nzeru, ndipo ndikukuyamikirani. Koma mwafuna kubisa ndi dzanja langa. Mlandu suwola. Tsiku limene a msonkho adzamve chigayo chikulira ku Naisi, adzabwera ndi pepalali. Inu mudzati, 'Ine Chingerezi sindimva, analemba ndi apongozi anga.' Ndipo mudzakhala mukunena zoona. Ine ndidzati chiyani? Ndidzakwera basi ya ku Zomba ndi nyamakazi yangayi kukafotokoza chifukwa chimene mphunzitsi wopuma analephera kuwerenga kufika pa ziwiri?"

Anthu anga, nkhani yanga lero ili pamenepa. Ife tinazolowera kunena kuti wotumidwa alibe mlandu. Ndi zoona ukatumidwa kukapempha moto kapena kukanena maliro. Koma pepala silidziwa mwambo umenewo. Pepala limadziwa dzanja limene lalemba. Ukalembera mnzako fomu ya msonkho, sunangomubwereka cholembera. Wamubwereka dzina, ndipo dzina likabwerako lothimbirira palibe sopo wa pagolosale amene angalichape.

Kale msonkho unali wosavuta kuumvetsa. Amesinjala akatulukira, amuna opanda chiphaso ankathawira m'bango kumtsinje, ife akazi n'kumati apita ku maliro kutali. Munthu ankathawa ndi miyendo yake. Lero akufuna kuthawa ndi dzanja la wina.

Ndipo taonani mmene timachitira. Wina amasaina pepala lopanda kanthu ngati akudalitsa mwana. Wina amapereka fomu kwa munthu wa chikwama chakuda amene wakumana naye pansi pa mtengo, osadziwa ngakhale mudzi wake. Wachikwamayo safunsa ngakhale funso limodzi, amangodzaza mabokosi mofulumira ngati akubzala nyemba mvula ikubwera, n'kusaina dzina lokhotakhota loti ngakhale amayi ake sangalizindikire. Zikavuta mukamupeza kuti? Mtengo mudzaupeza ulipo, koma mtengo suyankha mlandu.

Nanga ife olembera anzathu? Timachita manyazi kufunsa. Akuti kufunsa munthu wamkulu kuti ali ndi zingati ndi mwano. Akuti ukafunsitsa ndiye kuti uli ndi kaduka. Ndiye timalemba zomwe tauzidwa, maso tatsinzina, n'kulandira mazira.

Mphunzitsi wina wa ku Malosa anandiuza kuti kumaiko a kutali anthu ayamba kutumiza mafomu otere pa kompyuta, kudzera m'mawaya a telefoni, munthu ali khale m'nyumba mwake. Akuti tsiku lina zidzafika kuno. Zifike. Koma ndinamufunsa kuti, makinawo adzaona nsidze za munthu Lachiwiri? Adzadziwa bwanji kuti amene wakhala pa makinawo ndi mwini chigayo kapena mpongozi wake? Anangoseka. Ine ndikuti ngakhale pepala litasanduka mphepo, wolembera mnzake adzayenerabe kufunsa, ndipo dzina lake lidzatsalabe penapake likumudikirira.

Tinagwira ntchito yathu pampanda pomwepo. Ine ndimawerenga mzere m'Chingerezi, n'kuumasulira, iwo n'kuyankha, ine n'kulemba. Pa bokosi la malo ndinalemba awiri, Malemia ndi Naisi, m'zilembo zikuluzikulu zomwe ndinkalemba pa bolodi. Titamaliza ndinawawerengera zonse kuyambira pamwamba. Ndinasuntha udzu pang'ono n'kulowetsa fomu ndi cholembera pampatapo, kuti asainenso pambali pa dzina lawo lija, tsopano akudziwa chimene akusaina. Dzanja lokha ndi limene ndinaona. Kenaka ndinasaina m'kabokosi kanga. Pepala la kaboni ndinali nditaikiratu pansi, ndipo lero kope langa lili m'chitini momwe ndimasunga khadi la ubatizo.

"Mukakapereka, mudzandionetse chidindo chawo," ndinatero.

"Chabwino, amayi. Koma mayi a Chisomo... mwina inu mukanawafotokozera bwino."

"Iyayi, apongozi. Fomu ndakulemberani. Zimenezo mukalembe nokha, ndi za Chichewa."

Felesiya anabwera ndi mpiru bambo ake a Chisomo atapita kukaliza chigayo. Anayang'ana kope langa lili pamwendo, anawerenga, n'kungoti, "Oo, avomera?"

Magalasi anatsala pang'ono kugwa.

"Iwe umadziwa?"

"Amayi, malaya a Lachiwiri amachapa ndani? Chaka chonse ndakhala ndikudikira kuti anene okha. Ndinaona kuti amene angawatulutse mawu ndi inu."

"Ndiye ndikanasaina chimodzi chija unandiuza?"

"Inu? Kusaina osafunsa?" Anaseka, n'kuyamba kusadzula mpiru.

Mwaonatu. Mwana wobala ndekha ananditchera ngati msampha, nyambo yake mazira, ndipo amene anakodwa ndi mwamuna wake. Ndiye mukamanditcha wokayikira, ndiuzeni: pa anthu awiri amene ndimagawana nawo bwalo, ndikanakhulupirira uti? Nanga inu, fomu imene munalembera mnansi wanu chaka chatha, munafunsa kuti zigayo ndi zingati, kapena munangowerenga mazira?