Katswiri wa m'Chipululu pa Phiri la Dumgoyne

Mu mpingo wathu wa ku Springburn, mumzinda wa Glasgow, munali mkulu wina amene anapitako ku America kamodzi kokha, ku ukwati wa mphwake mumzinda wa Phoenix. Atabwerako, makutu athu sanapumenso. Akuti kumeneko anakwera phiri la m'chipululu limene lili m'mphepete mwenimweni mwa mzindawo: miyala yofiira yotentha ngati chiwaya, mitengo yaminga yotalika kuposa munthu, njoka zolira kumchira. Nkhaniyi ankaiponya paliponse, pa tiyi tikaweruka, pa msonkhano wa mabanja, ngakhale pa maliro ankaipezera mpata. Akaifotokozanso, phirilo linkatalikirako, dzuwa nalo n'kuwonjezera ukali.

Tsiku lina analengeza kuti atitsogolera kukakwera Dumgoyne, phiri lija limaoneka kumpoto kwa Glasgow kukayera. "Kameneka n'kachulu," anatero. "Ine ndinakwera zenizeni. Inu muzingonditsata."

Nthawi imeneyo ndinali nditangomaliza sukulu, ndikukhala ku Shawlands, ndipo Loweruka ndinalibe chochita. Ndinapita. Tinakumana m'tauni kagulu kochepa n'kukwera basi. Mkuluyo anabwera atavala chipewa chachikulu chogula kuchipululu komweko, magalasi akuda, kabudula, ndi ndodo ziwiri zonyezimira m'manja. Kumwamba kunali mitambo yokhayokha. Chikwama analibe. Chinali kumsana kwa mkazi wake.

Amayiwo ndinkawadziwa pang'ono. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba, anali ofatsa, ndipo bondo lawo lamanja linkawavuta kuyambira kale. Mu mpingo aliyense ankadziwa zimenezi, chifukwa potsika masitepe a tchalitchi ankayamba agwira khoma.

Njira inayambira m'dambo la nkhosa, kenako inangoimirira. Udzu unali wonyowa, pansi matope. Mtsogoleri wathu anali patsogolo, pakamwa posatseka. "Madzi muzimwa pang'onopang'ono, m'chipululu timatero. Chenjerani ndi kunsi kwa miyala, njoka zimabisala mmenemo." Ndinasuzumira kunsi kwa mwala wina. Munali ndowe za nkhosa basi. Achinyamata ena ankamumvetsera kukamwa kuli yasa, ngati munthu amene akuwawolotsa nyanja.

Nditacheuka ndinaona amayi aja atatsalira kutali, akukwera chammbali ngati nkhanu. Ndinabwerera.

"Amayi, ndipatseni chikwamacho."

"Ayi mwanangu, abambo angakhumudwe."

Ndinawavula chikwamacho osafunsanso. Chinali cholemera modabwitsa. Munali mabotolo a madzi okwanira mudzi, masangweji, jekete la mwamuna wawo, ndi chibotolo cha mafuta odzola padzuwa. Dzuwa lake liti?

Tinakwerako ndithu, mpaka nyumba za m'munsi zinachepa. Kenako mayiwo anangokhala pansi, paudzu wonyowa womwewo, atagwira bondo ndi manja onse awiri. Sanalire. Ndinakuwa: "Abambo! Amayi kuno bondo lawavuta!"

Anaima, n'kucheuka, manja ali pandodo zake. "Auzeni alimbe mtima! M'chipululu ukakhala pansi, wafa!"

Pomwepo kamvula kanayamba kuwaza, ndipo ndinamuona akutsika kubwera kwa ife. Ndinaganiza kuti mwina ndamuweruza msanga. Anafika, n'kuzungulira kumbuyo kwanga, n'kutsegula chikwama chili kumsana kwanga komweko osandiuza kanthu. Anasolola jekete lake ndi sangweji imodzi. Bondo la mkazi wake sanaliyang'ane. Ndodo zake ziwiri zija sanasiyeko ngakhale imodzi.

"Mupumeko, mutipeza pamwamba," anatero, uku akutafuna. Ndipo anabwerera kwa nkhosa zake.

Tinatsala awiri. Ndinawafunditsa chovala changa. Kutali uko Glasgow inali itayala ngati phulusa, nyumba zitalizitali zikuoneka mwa apo ndi apo m'nkhungu. Mtima unkandiwira, ndiye ndinafunsa funso lopanda ulemu.

"Amayi, koma phiri la m'chipululu limeneli anakweradi?"

Anaseka pang'ono, osati kuseka kwa chimwemwe. "Anakweradi. Pamenepo sanama. Nanenso ndinakwera, ndi chikwama chomwechi. Kungoti m'nkhani yawoyo ine mulibemo."

Nkhani imeneyo ndinali nditaimva kambirimbiri, mayiwo ali pomwepo akuthira tiyi, ndipo sindinamvepo ngakhale kamodzi mawu akuti tinakwera.

Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera. Anakolowekera mkono paphewa langa, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri ankakhala pansi n'kumakhwekhwereza, matope ali thupi lonse. Ankangopepesa. Akuti andisokonezera ulendo. Ndinawauza kuti palibe chimene ndaphonya pamwambapo.

Tinadikira pamsewu, poima basi, tikuzizidwa. Gulu linafika pambuyo pake, mkuluyo ali patsogolo, chipewa chake chitanyowa n'kugwera m'makutu ngati tsamba la nthochi. Anali wosangalala kwambiri. Anatulutsa foni n'kutionetsa vidiyo imene anajambulitsa pansonga. Anali ataima pamwala, mphepo ikumuwomba, akulalikira za Mose ndi udindo wa mwamuna wotsogolera banja lake kudutsa m'chipululu. Itatha, anatembenukira kwa mkazi wake, amene bondo linali litatupa mpaka kuonekera pa thalauza.

"Masangweji aja atsalako?"

Mayiwo anatsegula chikwama n'kumupatsa.

Lamlungu lake anapereka umboni kutsogolo kwa mpingo. Anati kaphiriko kanali kochepa, koma Mulungu anamuonetsa kuti si onse amene amayamba ulendo amaumaliza. Anthu anawomba m'manja. Ine manja anga anali pamiyendo. Mkazi wake sanabwere tsikulo, anali gone kunyumba.

Lolemba mayiwo anandiimbira foni mwamanyazi, kufunsa ngati ndingawaperekeze kuchipatala chachikulu cha ku Govan. Abambo, akuti, anali ndi msonkhano wa akulu a mpingo. Ndinapita kukawatenga. Adokotala anati bondolo likufunika opaleshoni ndipo anawaletsa ntchito kwa kanthawi ndithu. Pobwerera tinakwera takisi, ndipo njira yonse ankandifunsa za kwathu, za makolo anga, ndi ngati ntchito ndaipeza.